Khasu M'mphika wa Nasimango

Chiletsereni nkhuni, mudzi wonse umaphikira pa magalasi a dzuwa, ndipo nyumba iliyonse imaloledwa kuwotcha mphika umodzi wokha pachaka mu uvuni wa boma. Magalasiwo amatentha mwadzidzidzi, dongo n'kufufuma msanga, mphika n'kung'aluka. Wa Nasimango chaka chatha sunathe n'mwezi womwe, banja n'kumangobwereka mpaka anansi kuyamba kubisa yawo.

Ulendo uno Nasimango anapala dzimbiri la khasu lakale, nalipera, nalisakaniza m'dongo. Anzake kuchitsime anamuuza kuti chitsulo chimaletsa dongo kufufuma mopupuluma.

"Khasu la malemu bambo anga limenelo, mayi a Mwatitha!" anadandaula mwamuna wake. "Mwalidya theka."

"Munkalimira?"



Mphika watsopanowo utabwerako ku uvuni, Nasimango anateleka nyemba. Dzuwa litaswa mtengo, mphika unalira kuti the! Onse awiri anaima chilili. Nasimango anasuzumira pansi pake. Panali pouma. Anaugogoda ndi mthiko, unalira ngati belu.

Anakhala pansi n'kuyamba kuseka.

"Apongozi anga aja analima moyo wawo wonse osakhudzako mphika," anatero. "Taonani, lero akutiphikira nyemba."