Nyemba Zokana Kufota

"Nyemba zimenezo pali amene akuzithirira, ndipo wochotsedwa ntchito mudzakhala inu," anatero Alonda. Amuna awo anangoseka n'kupitiriza kumanga zingwe za nsapato.

Dzina loti Alonda anawapatsa ndi amayi anzawo a m'nyumba za ogwira ntchito, pamalo ofufuzira za mbewu. Ankati munthu wodzutsa khanda lili mtulo kuti aone ngati likupuma, dzina lina silingamukhale. Eni ake sankatsutsa. Nkhawa ndiyo inali ntchito yawo, ndipo sankapita kutchuthi.

Amuna awo ankasamalira shedi yaikulu ya pulasitiki. M'menemo munali mizere ya nyemba zimene akatswiri anazikwatitsa, mtundu uwu ndi uwo, pofuna mbewu yopirira chilala. Kayesedwe kake kanali kankhanza. Nyemba zikangoyamba maluwa ankazimana madzi dala, n'kudikira kuti aone yomwe ifote pomalizira. Ntchito ya bamboyo inali ya kontirakiti, ndipo nyumba imene ankakhalamo inkayendera limodzi ndi ntchitoyo.

Mavuto anayamba kutabwera mtsikana wa kuyunivesite wodzachita kafukufuku wa digiri yake, wamagalasi, woseka msanga. Alonda anamutcha Kamagalasi. Tsiku lonse iye ndi amuna a eni ake ankatandala m'shedimo, chitseko chili chitsekere, akuti kuopa tizilombo.

"Tizilombo take titi?" anafunsa Alonda.

Kuseri kwa shedi, chapakona, pulasitiki inali itang'ambika kabowo kokwana diso limodzi. Koma mayi wapabanja sangangoima kuseri kwa shedi manja ali lende, anthu angamuyese wamisala. Ndiye m'mawa uliwonse Alonda ankabereka mwana, chidebe pamutu, beseni la matewera m'khwapa, n'kukachapira pomwepo. Wowafunsa ankamuuza kuti kumpopi kumachuluka miseche. Ankachikicha, kusuzumira, kutsukuluza, kusuzumiranso. Matewera a m'nyumba imeneyo sanayambe ayerapo chotero. Ena ankachapidwa asanade n'komwe.

Zimene ankaona pakabowopo zinali zogwetsa ulesi. Anthu awiri atawerama chapatali, wina akuyeza masamba, mnzake akulemba. Alonda anati akuba ochenjera amatero.

Dzuwa litafika poswa mtengo, mizere inayamba kufota umodziumodzi mpaka m'shedi monse munachita kuti gwaa. Tsiku lina bamboyo anafika kunyumba akuvina, n'kunyamula mwana m'mwamba.

"Tayipeza, mayi a mwana! Mzere umodzi wakana kufota. Masamba ali biriwiri, ukuberekanso kumene!"

A Pulofesa, mkulu wa kafukufukuyo, anaitana alendo ochokera kunja kuti adzaone okha. Analonjezanso kuti zikayenda bwino bamboyo amulemba ntchito yokhazikika.

Alonda sanavine nawo. Kusekondale anafikako, ndipo ankakumbukira bwino kuti palibe chomera chimene chimakhala chosamwa. Kiyi wa shedi anali ndi anthu awiri okha. Amuna awo sangathirire, poti ngakhale duwa la pakhonde amaliiwala. Watsala ndani? Kamagalasi akufuna digiri yomveka. Zikadzaululika iye adzakhala atapita kalekale, wosamuka ndi mwana kumsana adzakhala wina.

Anachenjeza amuna awo, anasekedwa. Anauza mayi woyandikana nawo nyumba, iye anati, "Inu Alonda, tsiku lina mudzamanga mthunzi wanu womwe." Anauza dalaivala wa a Pulofesa, iye anakweza wailesi.

Kutatsala tsiku limodzi kuti alendo afike, Alonda anatchingira galimoto ya a Pulofesa pageti, mwana kumsana.

"Pepani bwana, ine sindine wophunzira kwambiri. Koma musanachite manyazi pamaso pa alendo, takumbani pansi pa mzere umenewo muone."

A Pulofesa anauza dalaivala kuti atembenuze galimoto.

Masana onse Alonda anakhala pakhonde akuyamwitsa, maso ali kushedi. Anaona amuna awo akulowa ndi khasu. Anaona Kamagalasi akutuluka, magalasi ali m'manja, akupukuta misozi. Mtima wawo unachita kuti myaa. Anayamba kukonzeratu mawu odzalankhula kumpopi, odzichepetsa koma oluma.

Bamboyo anafika dzuwa likulowa, matope mpaka m'zigongono. Anakhala pasitepe osavula nsapato.

"Mwawina, Alonda. Pansi pake ponse ndi chinyezi chokhachokha. Alendo awauza kuti asabwerenso."

"Ndinkanena ine," anatero Alonda akukonza nsalu paphewa. "Wavomera?"

"Ndani?"

"Mnzanu woseka msanga uja."

"Musiyeni mwana wa eni ake, chaka chake chonse chapita pachabe. A Pulofesa alumbira kuti mawa m'mawa afunsa khomo ndi khomo, ndipo wopezekayo banja lake lisamuke. Madziwo sakuthiridwa m'kati ayi. Akulowera kunja, pansi pa pulasitiki, pakona paja pali kabowo. Dothi lake likuchita kununkhira sopo."

Alonda anayang'ana matewera ali mbee pachingwe. Anayang'ananso beseni.

"Mayi anga sakupeza bwino masiku ano," anatero akulowa kukatsitsa chikwama. "Basi yoyamba ija imanyamuka kusanache, eti?"