Pampu ya Tcheni cha Njinga

Tsiku lomaliza kulandira mafomu, mzere unachita kutulukira kunja. Boma linali litalengeza kuti chuma cha dziko chisamadalire khasu lokha, chizichokeranso m'mutu. Aliyense amene anatulukira kanthu katsopano alembetse, ndipo osankhidwa adzapatsidwa maphunziro, malo opangira zinthu zawo ndi chikalata chotsimikiza kuti luso ndi lawo. Basi, aliyense anasanduka katswiri. Wina anabwera ndi msampha wa makoswe woliza belu.

Ntchito ya kalaliki wa pazenera inali yosavuta: kulandira envulopu yomata, kuimenya chidindo chobiriwira, kuiponya m'bokosi. Ikangokwana folo koloko, chidindo chinali chofiira, ndipo envulopu ya chidindo chofiira oweruza sankaiyang'ana n'komwe.

Cha m'ma fili koloko, kalalikiyo, yemwe anali mayi, anadzutsa mutu n'kuona nkhope imene inamukhala pamtima zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Anali a Chikwapu, aphunzitsi ake a sayansi. Ukalamba unali utawagwira ndithu, msana utapindika, maso atachita ng'ala.

Ali Folomu 3, mayiyu anajambula m'kope lake pampu yokoka madzi pachitsime pogwiritsa ntchito tcheni cha njinga. A Chikwapu anamulanda kopelo n'kulikweza m'mwamba, kalasi yonse ikuona. "Mwana wamkazi ndi pampu wapi ndi wapi? Kaphunzire kusenza ndowa." Anzake anaseka mpaka kugwira nthiti. Sayansi anaisiyira pomwepo, ndipo kope lake sanalionenso.

"Mayi, polembetsa ndi pano?" anafunsa a Chikwapu. Sanamuzindikire.

"Ndi pompano, bambo. Bweretsani."

Pamwamba pa envulopu panali malembo opendekeka omwe aja ankamulembera kuti walephera. Ulendo uno analemba kuti: Pampu ya tcheni cha njinga.

Magazi anamuwira. Kani munthuyu sanangomunyoza, anamuberanso? Anasunga kope la mwana wa eni zaka zonsezi kuti adzadyere mutu wake paukalamba? Iye akukalambira pazenera, kudinda nzeru za anthu ena, wakuba akukalandira chikalata? Anawada a Chikwapu kuposa mmene anawadera tsiku lija.

"Zatheka, bambo. Pitani bwino."

"Mwadinda kale? Maso angawa ndi ongonyamula. Imeneyi isachedwe, chonde."

"Musadandaule, yafika m'manja oyenera."

Mdalayo atangotembenuka, envulopu inalowa m'dilowa. Kalaliki anadindira ena onse mwansangala, mpaka wa msampha wa makoswe uja anamufunira mafuno abwino. Maso ake anali pa wotchi ya pakhoma. Folo koloko inakwana, mlonda anatseka chitseko. Kalaliki anadikira mphindi khumi kuti pasadzakhale zokambirana, kenako anatulutsa envulopu ija n'kuimenya chidindo chofiira mwamphamvu moti makapu a tiyi analira patebulo. Anamva kukoma, ndipo sanachite nako manyazi. Loweruka ndi Lamlungu anachapa zovala akuimba.

Lolemba m'mawa, bwana wa ofesiyo anakhala pansi kutsegula maenvulopu ochedwa kuti eni ake alemberedwe makalata opepesa. Kalaliki anadzipereka yekha kuthandiza. Ankafuna kalata ya a Chikwapu ailembe ndi manja ake.

Atafika pa envulopu ija, bwana anawerenga nthawi yaitali, kenako anavula magalasi.

"Abale, zina zimamvetsa chisoni. Iyi ikanadutsa popanda mpikisano. Mphindi khumi zokha."

"Lamulo ndi lamulo, bwana," anatero kalaliki, akubisa kumwetulira.

"Ndi zoona, palibe chomwe tingachite. Koma mdalayu sakudzilembetsera yekha. Akuti pampuyi ndi ya mwana wina amene anamuphunzitsa kalekale. Akuti anamulakwira, wamufunafuna osamupeza, ndiye akupempha boma kuti limupeze, lim'patse zake."

Bwana anavalanso magalasi n'kuwerenga mokweza dzina la mwini luso. Linali dzina la kalaliki, la pautsikana wake.