Mlandu wa Ndowe Kudamu

Padangotero, damu lina linadzaza ndere mpaka nsomba zinayamba kubanika. Mvuu anati, "Ndi ndowe zanu zikudyetsa ndere, a Ng'ombe!" Ng'ombe anati, "Bodza, achimwene! Ndi zanu zija mumamwaza ndi mchira!"

Anapita kwa Chambo kuti aweruze. Chambo, akupuma movutikira, anachonderera kuti onse asiye kuipitsa madzi, koma awiriwo sanamve. Anagwirizana kuti aliyense azichita chimbudzi mbali yake, aone kumene kubiriwire kwambiri.

Anadya udzu wambiri n'kulimbikira ntchitoyo mpaka damu lonse linasanduka phala lonunkha. Atabwera kudzamva chigamulo, anapeza Chambo akuyandama chagada.

"Musawadzutse," ananong'ona Mvuu. "Akuganizira mlandu wathu."