Kabokosi Kamene Kankadya Batire

Panali bambo wina wogulitsa matayala amene nsanje inkamudya ngati chiswe. Nkhaniyi ndinaimva kwa mlamu wake weniweni, pa galaja ina pamene basi yathu inafera, ndipo pa zonse zimene ndamva m'maulendo angawa, iyi yakana kundichoka.

Mkazi wake ankaluka tsitsi m'makomo mwa anthu, ndipo ndiye ankayendetsa galimoto yapabanjapo. Tsiku lina kushopu kunabwera munthu wachilendo.

"Bwana, ndili ndi kabokosi," ananong'ona. "Ndikakabisa m'galimoto, foni yanu izikuuzani kulikonse kumene mayi apita."

Bamboyo anavomera. Munthu uja analumikiza nthambo zake mothamanga, n'kupita, osaonekanso.

Posakhalitsa batire linayamba kufa. Galimoto ikangogona osayenda, m'mawa kiyi ankangoti tche, tche, basi. Galimoto zathu zakale ukazimitsa zinkagona zenizeni. Iyi inkadya kutulo.

Mchimwene wa mkaziyo anali wamagetsi a galimoto. Atayeza anati, "Alamu, batire lilibe mlandu, alitaneta ikutchaja bwino. Pali chinthu chikuyamwa moto galimoto ili chiimire. Isiyeni kuno ndichisake."

Bamboyo anadziwa kuti chinthucho chikapezeka, banja latha.

"Musavutike alamu, latha basi batireli."

Anagula latsopano. Linafanso.

M'mawa wina mwana wawo wamkazi mphumu inamugwira, mpweya ukungolira pakhosi. Mayi anamuika kumbuyo, kupotokola kiyi. Tche, tche. Anamubereka n'kuthamangira kumsewu opanda nsapato, akuimitsa galimoto za eni. Mwana anapulumuka mwamwayi. Ali kuchipatala konko, mayiyo anaimbira mchimwene wake.

Masana ake wamagetsi uja anafika pakhomo ndi mita yake yoyezera moto, n'kutsegula boneti.

"Alamu, mwanayu akudikirira kuchipatala, tichite tsiku lina," anatero bamboyo.

"Ali ndi mng'ono wanga," anayankha mkazi wake, amene anali atabwerako kuchipatala. "Achimwene, yambani."

Anatchaja batire, kuzimitsa zonse, kutseka zitseko. Kenako analumikiza mita asanazule nthambo ya ku batire, kuti moto uzidutsa m'mitamo osaduka.

"Mukuona nambala iyi? Galimoto yogona siidya chonchi. Tsopano ndizizula mafiyuzi imodziimodzi. Nambala ikagwa, wakuba tamupeza."

Anazula ya wailesi. Nambala osasuntha. Ya nyale za m'kati. Osasuntha.

"Mayi, kawaikireni madzi a tiyi achimwene anu," anatero bamboyo.

"Tiyi sathawa. Ndikufuna ndichione ndi maso anga chimene chikanandiphera mwana."

"Alamu, thukuta lonseli? Ntchito ndikugwira ine, wotopa inu?" anaseka wamagetsi.

Palibe anamuthandiza kuseka.

Mafiyuzi onse anatha, nambala ili pomwepo. Wamagetsi anapukuta manja pang'onopang'ono.

"Ndiye kuti wakubayu sadutsa pa fiyuzi. Wina analumikiza mwachindunji. Ndani anagwirako galimotoyi?"

"Palibe," anatero mkaziyo.

"Palibe," anatero bamboyo.

Mlamu uja anasuzumira kuseri kwa batire, napeza kanthambo kofiira kokulungidwa ndi tepi. Anakalondola ndi chala mpaka m'kati, kunsi kwa chiwongolero. Analowetsa dzanja, natulutsa kabokosi kakuda, kakuphethira kanyale kobiriwira.

"Mwina n'zakufakitale," anatero bamboyo.

"Kufakitale samangira ndi lamba wa chubu, alamu."

Anazula nthamboyo. Nambala pa mita inagwa. Nthawi yomweyo foni inalira m'thumba la bamboyo, kulira kwachilendo, kochenjeza. Munthu wachilendo uja sanamuuze kuti kabokosiko kakadulidwa moto kamaitana mwini wake.

Onse anamuyang'ana.

"Ndi kasitomala," anatero.

Wamagetsi anabwezera nthambo, foni inakhala chete. Anadikira pang'ono, nazulanso. Foni inaliranso.

Mkaziyo anatambasula dzanja, natenga foniyo. Pafonipo panali mapu, ndi kadontho kofiira pakhomo pawo pomwe. Anapitiriza kuyang'ana. Makomo onse amene analukako tsitsi anali pamenepo, kutchalitchi, kumsika, kwa mayi ake.

"Mwapezamo mwamuna?" anafunsa motsitsa mawu.

Bamboyo anagwetsa nkhope.

"Nthawi yonseyi mumadziwa chimene chikudya batire. Ine n'kumathamanga ndi mwana kumsana, akutha mpweya."

"Mayi, tandimverani..."

"Achimwene, bwezerani mafiyuziwo. Ndikukatenga mwana wanga."

Galimoto inalira kamodzi n'kamodzi. Atatuluka m'chipatala, mayi ndi mwana analunjika kwa makolo, ndipo mlamu uja akuti mpaka lero sanabwerere.

Phunziro: Batire likamafa galimoto ili chiimire, musathamangire kugula lina, lolani wodziwa asake chimene chikuyamwa moto, ndipo musalole munthu wosamudziwa kulumikiza nthambo m'galimoto yanu. Koposa zonse, ngati mukukayikira mnzanu wapabanja, mufunseni pamaso, chifukwa chobisa chimadya nyumba mwakachetechete. Tumizirani ena, makamaka uja mukumudziwa kuti akuwopa kutsegula boneti.