Maluwa a pa Gitala ya a Howard

Nkhaniyi anandiuza ndi Malizani, wokonza njinga pa Kasakula, tikudikira kuti mvula ikate.

"Tengani, mujambulepo chilichonse chimene mukufuna," anatero a Howard, akupereka gitala yawo kwa Talandira ndi mlongo wake Lester. Bambowa ankafunsira Elube, mayi wa anawo, amene anali atanenetsa kuti sangakwatiwe ndi mwamuna yemwe ana ake sakumufuna.

Choko chimene anawo ankajambulira chinkangoterereka pa thabwa losalala la gitalayo. Anawo anakumbukira mmene amayi awo amamatira lichero ndi ndowe, nawonso anaimata gitalayo. Itauma, anajambulapo maluwa ndi mbalame.

Loweruka a Howard, chimfine chitawatseka mphuno, anaimba pakhonde pa Elube, abale a mayiyo atakhala pamphasa. Ntchentche zinkangowazungulira. Pomaliza anaipsompsona gitalayo, mwaa!

"Ana anga, penti yokongolayi mwaipeza kuti?"

"Si penti, ankolo," anatero Talandira monyadira. "Ndi ndowe."

A Howard anameza malovu, nkudzilimbitsa mtima. "Palibe kanthu. Ng'ombe imadya udzu wokha."

"Ng'ombe zinali kudambo," anatero Lester. "Tinakatapa m'khola la nkhumba."

Elube anatseka pakamwa ndi chitenje. "Apite akatsuke mlomowo! Asadzamwerenso kapu ya pakhomo pano!"

A Howard akuchoka, amene anawalirira ndi anawo, omwe anali atawakonda kale.

Koma ine ndikukayika. Fungo la nkhumba silingabisike ndi chimfine, komanso amene anadzakwatira Elube ndi Malizani yemweyo.