Tsiku Lolemba Mayina Padziwe

Padangokhala Ndere, woyandama padziwe, amene ankadyetsa matemba onse popanda womuthokoza. Tsiku lina a zanyama anabwera kudzalemba m'kaundula zoyenera kutetezedwa, ndipo Nkhwali anaima patsogolo atatukumula chifuwa.

"Achimwene, ndilembetseniko nane," anapempha Ndere. "Anthu akuthira mankhwala m'dziwe muno, ndikutha."

"Kodi ndiwe nyama kapena udzu? Mapiko ulibe, miyendo ulibe. Khala chete, chonyansa iwe!" anatero Nkhwali.

Ndere anafufuma ndi ukali. "Inutu akukuwerengani chifukwa mumakoma, bwana!"

Nkhwali anangoseka, nalembetsa ana ake onse ndi chitsamba chomwe ankagona.

Dzinja litatha, mlenje anabwera ndi chiphaso, kaundula uja ali m'manja. Sanasochere. Pobwerera anatsuka mpeni padziwe paja, madzi ali mbee, Ndere atafa kalekale.

Yanga yathera apa, koma olembawo akulembabe.