Beseni Lofiira la Mayi

"Beseni langa lofiira lili kuti?"

Mayi anaima pakhomo la shedi, manja ali m'chiuno. Mwana wawo wamkazi, amene anzake amamutcha Chigayo, anayang'ana patebulo. Beseni anali ataliphwanya kale, kulipera, n'kulisungunula kukhala chingwe chapulasitiki. Patebulo, makina ake oumba zinthu motsatira kompyuta anali kumalizitsa kagudumu ka manomano, kofiira psuu.

"Linali lobooka, mayi."

"Lobooka? Ndinkakusambitsira momwemo iwe, mamina ali chuu!"

"Ndiye latopa, lisinthe ntchito."

Mayi anavula silipasi. Chigayo anatsomphola kagudumu kaja kakadali kofunda n'kuthawira kuchipinda. Kumeneko kunali makina osokera a mayi, aja amakanika anati akatayidwe poti sipeya yake inasiya kupangidwa. Anatsegula m'munsi mwake n'kulowetsa kagudumu kaja. Kanakhala bwinobwino ngati kanabadwira momwemo.

"Tapondani kaye, mundimenya pambuyo."

Mayi anakhala pampando, silipasi ikadali m'manja, n'kuponda ndi phazi lopanda nsapatolo. Singano inatsika, inakwera, kenako inathamanga pansalu kuti gwede-gwede-gwede, mzere uli tsaa!

Chigayo anapinda manja pachifuwa, chibwano m'mwamba, akulimbana ndi kumwetulira.

Mayi anasoka mpaka nsalu inatha. Anayang'ana kukhomo, n'kutsitsa mawu.

"Mpando wapulasitiki wa bambo ako uja wathyoka mwendo. Chitseko cha fuliji chikufuna chogwirira. Akakufunsa, ine sindinaone kanthu."